Ulendo wa ku Durban July: zoyenera kudziwa musadamange chikwama

Munthu wobadwira ku Mtakataka, ku Mua kapena ku Golomoti akhoza kukula mpaka kumera imvi asadaonepo hatchi ndi maso ake. Ng'ombe amazidziwa, pakuti ndizo zimakoka ngolo za mpunga ndi chimanga. Mbuzi ndi abulu nazonso si zachilendo. Koma hatchi, imene Baibulo limaitcha kavalo, ambiri amangoiona pa chithunzi kapena pa kanema.

Chikhalirecho, ana a dera lomweli la Inkosi Kachindamoto m'boma la Dedza ali m'gulu la Amalawi ochuluka amene akusaka moyo ku South Africa. Amene adakhazikika mumzinda wa Durban amadziwa kuti Loweruka loyamba la mwezi wa Julayi mzinda wonse umatekeseka ndi mpikisano wa mahatchi wotchedwa Durban July. Zithunzi za tsikulo zikafika pa WhatsApp ndi pa Facebook, abale ndi abwenzi a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kumudzi komwe amayamba kunyanyulana kuti chaka chamawa nawonso akapondeko. Ena amafika posonkherana ndalama mwa chipereganyo kuti ayendere limodzi. Kodi mpikisanowu n'chiyani, umayenda motani, nanga gulu la anzake lofuna kukaonerera liyenera kukonzekera zotani?

Chifukwa chake hatchi ndi mlendo kunyanja

Dzina lenilenilo likusonyeza kuti nyamayi idabwera ndi alendo. Mawu akuti kavalo tidabwereka kwa Apwitikizi, pomwe akuti hatchi ndi ofanana ndi akuti ihhashi a m'Chizulu. Angoni a Maseko, omwe ufumu wa Kachindamoto ndi nthambi yawo, adachoka kummwera kwa Africa, chakufupi ndi kumene lero kuli Eswatini ndi KwaZulu-Natal, zaka pafupifupi 200 zapitazo. Adayenda wapansi akukusa ng'ombe, ndipo nkhondo zawo adamenya ndi mkondo ndi chishango, popanda asilikali apakavalo.

Azungu atafika adapeza kuti chigwa chotentha cha m'mbali mwa nyanja sichiyanjana ndi hatchi. Mdani woyamba adali kashembe, ntchentche imene imafalitsa tizilombo topha ziweto komanso toyambitsa matenda a kaodzera kwa anthu. Wachiwiri adali nthenda ya mahatchi yotchedwa African horse sickness, yomwe imafala ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'mamawa, ndipo imapha mahatchi ambiri amene sadalandire katemera. N'chifukwa chake m'masiku amene ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni ya Mua mu 1902, mzungu wa ulendo wautali ankayenda wapansi, pabulu kapena kunyamulidwa pamachila, kufikira njinga, sitima ndi galimoto zidabwera. Lero mahatchi ochepa amene ali m'dziko muno amapezeka m'mafamu ena ndi m'malo okopa alendo, monga pa phiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay, komwe amasamalidwa ngati dzira. Mpikisano waukulu wa mahatchi othamanga ife tilibe.

Amalawi amene adayamba kuzolowera masewerawa ndi aja adapita ku Halale kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Mumzinda wa Harare muli bwalo la Borrowdale Park, komwe kumachitikira mipikisano ya Castle Tankard ndi OK Grand Challenge. Wachiwiriwu, womwe udayamba mu 1988, udatchuka chifukwa ogula katundu m'sitolo za OK amapata galimoto pa maere a tsikulo. Koma wamkulu pa yonse kuno kummwera kwa Africa ndi wa ku Durban.

Mbiri ya mpikisanowu

Durban July idayamba mu 1897 pa bwalo la Greyville, lomwe lili pakatikati pa mzinda ndipo lidazungulira bwalo la masewero a gofu. Hatchi yoyamba kupambana idali Campanajo, yomwe idabwerezanso mu 1898. Poyamba mtunda udali mamita 1,600, koma udapita nutalikitsidwa mpaka kufika pa mamita 2,200 amene amathamangidwa lero. Dzina la mpikisano limasintha potengera kampani imene ikuthirapo ndalama: kale udali Rothmans July, kenako Vodacom Durban July, ndipo kuyambira mu 2022 ndi Hollywoodbets Durban July. Chaka chimenecho mphotho yonse idakwezedwa kufika pa 5 miliyoni randi.

Nkhani imene akuluakulu a kumeneko saiiwala ndi ya hatchi yotchedwa Sea Cottage. Mu 1966, kutatsala milungu itatu kuti mpikisano uchitike, munthu wina adaiwombera ndi mfuti ikupita kokachita masewero olimbitsa thupi m'mbali mwa nyanja. Gwero la chiwembucho lidali ndalama za kubetcha, pakuti anthu ambiri adali ataikhulupirira kuti ipambana. Hatchiyo idathamangabe chipolopolo chili m'thupi ndipo idakhala yachinayi. Chaka chotsatira, mu 1967, idafika pamzere nthawi imodzi ndi inzake yotchedwa Jollify, ziwirizo n'kugawana ulemu. Zofananazo zidachitikanso mu 2008 pakati pa Pocket Power ndi Dancer's Daughter.

Kwa zaka zoposa 100 okwera mahatchi opambana mpikisanowu sadali akuda. Munthu wakuda ankaonekera kukhola, akusesa ndowe ndi kudyetsa hatchi. Zinthu zidatembenuka mu 2013 pomwe S'manga Khumalo, mnyamata wa ku KwaMashu mumzinda womwewo wa Durban, adapambana atakwera Heavy Metal. Adabwerezanso mu 2022 pa Sparkling Water, ndipo mu 2023 Kabelo Matsunyane adatsatira mapazi ake pa Winchester Mansion. Hatchi yotchedwa Do It Again idapambana zaka ziwiri zotsatizana, mu 2018 ndi 2019. Mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pachimake, mpikisano udachitika m'bwalo mulibe oonerera.

Mmene umayendera

Mahatchi othamangawa ndi a mtundu wa Thoroughbred, womwe udawetedwa ku England zaka zoposa 300 zapitazo. Onse amachokera kwa makolo aamuna atatu otchedwa Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, ndipo hatchi iliyonse ili ndi kaundula wa mtundu wake, monga momwe mbumba imadziwira kumene idachokera. Hatchi imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 500 ndipo imathamanga liwiro la makilomita 60 pa ola. Choncho mpikisano umene anthu amaukonzekera chaka chathunthu umatha m'mphindi ziwiri ndi masekondi owerengeka.

Masiku ano mumpikisano waukuluwu mumalowa mahatchi 18, osankhidwa potengera mmene akhala akuchitira m'miyezi yam'mbuyo. Chimene chimadabwitsa mlendo ndi lamulo la katundu. Hatchi imene akatswiri aiona kuti ndi yamphamvu kuposa zinzake imasenzetsedwa katundu wolemera, kuphatikizapo wokwera ndi chishalo chake, pomwe zocheperako mphamvu, zazing'ono msinkhu ndi zazikazi zimapepukidwa. Wokwera akapepuka kwambiri, amaonjezera timapale ta mtovu m'nsalu ya pansi pa chishalo. Amayezedwa pasikelo asadakwere ndiponso akangotsika. Cholinga chake n'chakuti mahatchi onse akhale ndi mwayi wofanana, ndipo n'chifukwa chake kulosera wopambana n'kovuta ngakhale kwa akadaulo.

Palinso maere osankha khomo limene hatchi iliyonse iyambire. Yoyambira kunja kwenikweni imayenda mtunda wotalikirapo pokhota, pomwe yoyambira mkati ikhoza kutsekerezedwa ndi zinzake. Wokwera wanzeru amasunga mphamvu za hatchi yake mpaka pa mamita 400 otsiriza, n'kupeza mpata wodutsira. Okwerawa ndi anthu ochepa thupi, ambiri osapitirira makilogalamu 55, ndipo amaphunzira ntchitoyi kuyambira ali achichepere pa sukulu ya South African Jockey Academy ku Summerveld, kunja kwa Durban. Bungwe la National Horseracing Authority ndilo limayang'anira malamulo, kuyeza mahatchi ngati sadapatsidwe mankhwala oonjezera mphamvu, ndi kumva madandaulo ngati wokwera wina wapinga mnzake.

Kumbuyo kwa zonsezi kuli anthu amene kamera siziwaona: osamalira mahatchi, omwe amadzuka mbandakucha kukasesa m'khola, kusambitsa, kudyetsa ndi kuyendetsa nyama ya mtengo woposa malipiro awo a zaka zambiri. Mmalawi wogwira ntchito m'munda wa maluwa kapena m'khitchini ya bwana ku Joni sasowa womufotokozera moyo umenewo.

Tsikulo pamakhala mipikisano yoposa 10, kuyambira masana mpaka usiku, ndipo waukuluwo umachitika cha m'ma 4 koloko madzulo. Anthu pafupifupi 50,000 amasonkhana, koma ambiri a iwo hatchi saiyang'ana n'komwe. Chaka chilichonse okonza amalengeza mutu wa kavalidwe, ndipo osoka zovala, oimba, andale ndi eni makampani amabwera kudzaonetsa zimene avala. Tikiti ya pakhomo ndi ya mtengo wofikirika, koma kulowa m'matenti a zakudya, zakumwa ndi zoimbaimba kumalira marandi zikwizikwi munthu mmodzi. Zithunzi zambiri zimene zimasiririka pa foni zimajambulidwa m'matenti amenewo.

Kubetcha ndi masamu ake

Chimene chimayendetsa mpikisano wa mahatchi padziko lonse ndi ndalama za obetcha, ndipo apa ndi pomwe gulu la abwenzi liyenera kutsegula maso. Kubetcha kulipo kwa mitundu iwiri.

Mtundu woyamba amautcha tote. Ndalama za onse obetcha zimaikidwa m'thumba limodzi, eni bwalo ndi boma n'kutapapo gawo lawo, zotsalazo n'kugawidwa kwa amene alosera molondola. Akachuluka olosera bwino, aliyense amalandira zochepa. Mtundu wachiwiri ndi wa makampani obetchetsa amene amaikiratu mtengo. Hatchi ikalembedwa 5-1, ndiye kuti woika R100 akapambana alandira R500 n'kubwezeredwanso R100 yake ija. Ikalembedwa 40-1, malipiro ndi aakulu chifukwa chiyembekezo choti ipambana n'chochepa.

Kampani yobetchetsa imakonza mitengo yake mwakuti, kaya ipambane hatchi iti, iyo itsale ndi kanthu. Tiyerekeze mahatchi awiri a mphamvu zofanana. Anthu 10 aika R100 aliyense pa yoyamba, enanso 10 pa yachiwiri. M'thumba mwalowa R2,000. Kampani ikalonjeza R90 pa R100 iliyonse, opambana 10 aja alandira R190 aliyense, pamodzi R1,900. Yotsala R100 ndi ya kampani, ndipo idzatsalabe mpikisano uliwonse. Obetcha onse mukawaphatikiza, amatuluka ndi zochepa kuposa zimene adalowa nazo.

Njira zobetchera nazo n'zambiri. Yapafupi ndi kulosera yopambana kapena imene ikhale m'gulu la zoyambirira. Zokopa kwambiri ndi trifecta, kulosera zitatu zoyamba m'ndondomeko yake, ndi quartet, kulosera zinayi. Pa mahatchi 18, zitatu zoyamba zikhoza kundandalikana m'njira 4,896, pomwe zinayi zikhoza kutero m'njira 73,440. Mukamva kuti wina wapata chuma ndi R10, kumbukirani khamu la anthu amene R10 zawo zapanga chumacho.

Masamu amenewa si a ku Durban kokha. Ndi omwewo amene ali m'tinyumba tobetchera mpira tomwe tadzaza m'matauni mwathu mpaka pamisika ya m'mbali mwa msewu wa M5, ndiponso m'mafoni a achinyamata. Kuno kwathu bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority ndilo limapereka ziphaso kwa makampaniwa, ndipo kuno ngakhale ku South Africa munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Lamulo limateteza mwana, koma wamkulu amayenera kudziteteza yekha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Msewu wake

Tiyerekeze anzathu asanu anyamukira pa Golomoti. Akwera chitunda chokhotakhota cha Khwekhwerere kukapeza msewu wa M1 pa Masasa, n'kukhotera ku chipata cha Dedza. Akadinditsa mapasipoti alowa m'dziko la Mozambique pa Calomue, n'kudutsa m'dera la Angonia, komwe Chichewa ndi chomwechi, mpaka kukawoloka Zambezi pa Tete. Kuchoka apo ndi chipata cha Nyamapanda, mzinda wa Harare, kenako Beitbridge, pomwe mizere yake imatha kudya maola ambiri. Basi yochokera ku Lilongwe imatenga usana ndi usiku ndi kupitirira, kawirikawiri masiku awiri, kuti ifike ku Johannesburg. Kuchoka pa Park Station kukafika ku Durban pa msewu wa N3 ndi makilomita ena pafupifupi 570. Choncho mpikisano wa Loweruka umafuna kunyamuka Lachiwiri kapena Lachitatu, ndipo wapantchito apemphe tchuthi cha sabata yathunthu. Wa ndege amadula masikuwo koma thumba lake limamva kuwawa.

Mmalawi wa pasipoti yabwinobwino amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku osapitirira 30 popanda viza. Masiku enieni ndi amene wa pachipata walemba m'pasipoti, choncho muwerenge musadachoke pazenera. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikolo: chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa apo. Chilolezo cha mlendo sichilola munthu kugwira ntchito. M'gulu la anzanu mukakhala wina amene mtima wake uli pa kutsalira, nkhaniyo ikambidwe poyera musadanyamuke. Ndipo njira zachidule za anthu olonjeza kukuwolotsani popanda mapepala zapweteketsa ambiri m'nkhalango za Tete ndi pa mtsinje wa Limpopo.

Nyengo nayo isakupusitseni. Julayi ndi mwezi wachisanu. Ku Durban masana kumafunda, koma usiku wa pa Beitbridge ndi m'bandakucha wa ku Johannesburg zimazizira kuposa pa Dedza boma. Munthu wozolowera kutentha kwa ku Mtakataka anyamule jekete ndi bulangete.

Mtengo wa ulendo ndi chitetezo

Chovuta chachikulu kwa wochokera kuno ndi ndalama zakunja. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo randi ndi dola zakhala zikusowa m'mabanki. Wosintha ndalama pamsika wamdima amalipira mtengo wokwera, amaphwanya lamulo, ndiponso akhoza kupatsidwa zachinyengo. Sabata ya mpikisano malo ogona ku Durban amadzaza ndipo mitengo imakwera, choncho osungitsa malo mochedwa amagona kutali kapena kupanikiza m'bale amene akukhala m'kachipinda kamodzi. Mlendo ndi mame, koma alendo asanu m'chipinda cha munthu wolandira malipiro a pasabata ndi katundu. Mukafikira kwa m'bale, gulani chakudya ndipo musamudumphitse ntchito.

Tisabisenso kuti Durban ili ndi mabala kwa Amalawi. Mu Epulo 2015 kudabuka ziwawa zothamangitsa alendo ochokera m'maiko ena a mu Africa, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mu Malichi 2019 Amalawi enanso adathamangitsidwa m'nyumba zawo mumzinda womwewo. Pa bwalo la Greyville pamakhala achitetezo ambiri, koma kunja kwa mpanda usiku ndi nkhani ina. Yendani pagulu, foni ikhale m'thumba, pasipoti musaisiye patali, ndipo mverani malangizo a Amalawi okhala konko za madera oyenera kuwapewa. Safunsa adadya phula.

Zogwirizana musadakwere basi

Maubwenzi ambiri amasweka pa ulendo chifukwa cha ndalama zimene sizidakambidwe kunyumba. Gulu lanzeru limagawa thumba lake patatu. Loyamba ndi la mayendedwe, malo ogona ndi chakudya, ndipo tikiti yobwerera igulidwiretu. Lachiwiri ndi la mwadzidzidzi, monga matenda kapena kutayika kwa pasipoti, ndipo lisungidwe ndi munthu amene samwa komanso sabetcha. Lachitatu, kwa ofuna, ndi la kubetcha: ndalama imene mwini wake wavomereza mumtima kuti ikapita yapita, monga ya tikiti ya mpira. Ikatha, zathera pomwepo. Wobwereka kwa mnzake kuti abweze zimene waluza ndiye amene amabwerera kumudzi ndi ngongole ndi udani.

Mukabetcha pamodzi pa tikiti imodzi, lembani mayina ndi zimene aliyense waponya, ndipo aliyense ajambule tikitiyo pa foni mpikisano usadayambe. Tikiti ya pepala imalipidwa kwa amene waigwira m'manja.

Funso lomaliza aliyense adzifunse payekha. Julayi ndi nyengo imene mlimi wa kwa Kachindamoto wangogulitsa kumene mpunga, thonje kapena nandolo woyamba, ndipo ndalama zili m'manja. Koma Seputembala ali pafupi ndi fizi ya ana, ndipo feteleza amafunika mvula isadagwe. Ngati ulendo wa ku Durban ukudya ndalama zimenezo, mpikisano womwewo umaonetsedwa pa kanema, ndipo mphindi ziwiri zake n'zofanana kwa wokhala pa Greyville ndi wokhala pa benchi pa Golomoti.

Koma kwa amene wakonzeka bwino, kuyenda n'kuona. Akafike msanga, asathamangire kumatenti, ayambe waima pa kabwalo kamene mahatchi amayendetsedwa asadathamange, kuti aone pafupi nyama imene agogo ake sadaiwete. Kenako apeze malo pafupi ndi mpanda wa kumapeto, pomwe mgugu wa ziboda 72 umamveka m'chifuwa. Ndipo akamva anthu omuzungulira akufuula m'Chizulu, mdzukulu wa Angoni atchere khutu: mawu ngati inkosi ndi bayethe, amene amawamva pa ngoma ya kwawo, adzawapeza ali moyo m'kamwa mwa eni dziko limene makolo ake adachokerako.